Alonda Atatu, Malo Amodzi

Kalekale, osati kale la makolo ayi, kale loti ena mwa inu munali mutamera mano, ku Mponela kunali bambo wina dzina lake a Chikuse. Paunyamata wawo ankayendetsa galimoto ya mphunzitsi wina wa ku Amereka. Mphunzitsiyo pobwerera kwawo anawasiyira thumba la zipewa zolimba ndi mpira wosongoka uku ndi uku, umene anthu anangoutcha mpira wa papaya. Ndi zimenezo a Chikuse anayambitsa timu yawo.

Musaseke, abale, masewera ake ndi a amuna. Mbali imodzi imanyamula mpirawo m'manja kapena kuponyerana, kufuna kukaudutsitsa mzere wa kumapeto kwa bwalo. Mbali inayo imatchinga ndi kugwetsa wonyamulayo. Ndiye kumbuyo kwa otchinga onse kumaima alonda. Mdani akangodutsa alondawo, basi, kulibenso womugwira, wagoletsa.

Alonda a timu ya a Chikuse anali atatu: Ganizani, Lonjezo ndi Sekani, ana a mlongo wawo amene anatisiya anawo akadali ang'onoang'ono. Anawalera okha, kuwasambitsa, kuwachotsa matekenya, kuwaphunzitsa khasu ndi mpira womwe. Ankawakonda mosabisa, mpaka anzawo a m'timu ankang'ung'udza kuti kumbuyoku kwasanduka kwa mbumba.

Chaka china kunabwera kalata yochokera ku Lilongwe. Kumeneko ankasonkhanitsa timu yoti ikasewere kunja kwa dziko. Oponya analipo, othamanga analipo, otchinga kutsogolo anali mbwee. Malo otsala anali amodzi okha, a mlonda. Kalatayo inati, “Tamva kuti muli ndi alonda abwino. Mutitumizire dzina limodzi pofika Lolemba.”

A Chikuse anaiwerenga kawiri, naipinda, naiika m'thumba la malaya. “Loweruka tikumana ndi a ku Dedza,” anatero mumtima. “Bwalo lidzandiuza lokha.” Ha, mkuluyu! Ankayesa bwalo limaweruza milandu ya pachibale.

Loweruka linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Masewera anatentha, fumbi kobo, amayi ogulitsa zitumbuwa kuiwala malonda. Nthawi itatsala pang'ono kutha, a Mponela anali patsogolo pang'ono chabe. Mpira unali m'manja mwa a Dedza, ndipo anatsala ndi mwayi umodzi. Akadutsa mzere, apambana.

Ganizani, wamkulu, ankaima kumbuyo kwenikweni, yekhayekha, kutali ndi phokoso. Ntchito yake inali maso. Masana onsewo anakhala akuyang'anitsitsa woponya wa a Dedza, mpaka anazindikira kuti mnyamatayo akafuna kuponya patali amayamba wapukuta dzanja pa kabudula. Ataona dzanja lija likupita pa kabudula, Ganizani anasuntha mwakachetechete nakaima pomwe wolandira wamtali wa a Dedza ankalowera. Woponya uja anadzutsa mutu, napeza njira yatsekedwa. Anachita kakasi, kenaka anangoponyera mnzake wina wapafupi cha kumanzere. Ganizani anakuwa, “Kumanzere! Lonjezo, kumanzere!” Tsiku lonselo sanakhudze mpira, sanagwetse munthu. Malaya ake anali oyera ngati akupita kutchalitchi, ndipo oonerera ena ankafunsana ngati iyeyo akusewera nawo kapena akudikira basi.

Lonjezo, wachiwiri, ankaima pafupi ndi otchinga a kutsogolo, pomwe mafupa amalira. Atamva mawu a mkulu wake anathamangira kumanzere, nakumana ndi zoopsa. Wonyamula mpira sanali yekha. Patsogolo pake pankabwera chimunthu cholambula njira, chimene a Dedza ankachitcha Chigayo, choti chikakugunda umakumbukira azigogo ako onse. Lonjezo akanatha kuchizemba, palibe akanamunena. Koma anadziwa kuti Chigayo akakhala chiimire, palibe angafike pa wonyamula mpira. Anaweramitsa phewa nadziponya pa iye. Khu! Onse awiri pansi. Phewa la Lonjezo linaguluka, dzino lake limodzi linatsala m'fumbi, koma wonyamula mpira uja anatsala pambalambanda.

Sekani, chitsirizira, anali tsidya lina la bwalo, kulondera munthu amene amalume ake anamuuza kuti asamusiye zivute zitani. Anamusiya. Anadziwa kuti Ganizani ali kumbuyo, ndiye analiyatsa liwiro la mtondo wadooka kudutsa bwalo lonse. Wonyamula mpira anali atatsala mapazi atatu kuti adutse mzere pamene Sekani anauluka namugwira kakolo. Munthu uja anagwa, natambasula dzanja, mpira nkuima chikhatho chimodzi mzere usanakwane. Wezulo inalira. Nthungululu, abale! Anthu anamunyamula Sekani pamapewa, akuimba dzina lake mpaka kumsika.

A Chikuse sanapite nawo kumsikako. Anatsala pabwalo akumanga phewa la Lonjezo ndi chitenje chobwereka, uku Ganizani akutolera zipewa. Mtima wawo unadzaza chimwemwe ndi chisoni nthawi imodzi, chifukwa anaona kuti bwalo lawabwezera mlandu wawo uli wosaweruza.

Lolemba m'mawa anakhala pansi pa chigafa cha fodya, pepala pabondo. Anaitana anawo mmodzimmodzi nkuwauza za kalata ija, poganiza kuti aliyense adzadzinenera yekha, iwo nkungosankha wolankhula zomveka.

Ganizani anabwera nakhala pansi. “Amalume, lembani Sekani. Ine ndinangoima. Mwanayu ali ndi miyendo, ndipo zaka zili kutsogolo kwake.”

“Iwe unangoima?” anatero a Chikuse. “Ukanapanda kuima pamenepo, mpira ukanadutsa pamwamba pa tonsefe.”

“Kuimako ndingathe kuima konkuno,” anayankha Ganizani, akuyang'ana pansi. Koma a Chikuse ankadziwa kuti mwanayu wakwanitsa zaka makumi atatu, ndipo kalata yotere sidzamupezanso.

Lonjezo anabwera dzanja lili pachifuwa, akulankhula mopeperera chifukwa cha dzino lija. “Amalume, musavutike. Lembani achimwene a Ganizani. Ine ndinapita komwe anandiuza. Popanda mawu awo ndine ng'ombe yopanda woweta.”

“Nanga phewalo unaperekera yani?”

“Lipola ili, adokotala ati milungu itatu,” anatero akuseka ndi mpata wa dzino. A Chikuse anatembenukira kumbali kuti mwanayo asaone misozi.

Sekani anabwera pomaliza, mawu atasasa ndi chisangalalo cha dzana. Anagwada. “Amalume, anthu akuimba dzina langa, koma ine ndikuchita manyazi. Ndinasiya munthu amene munandipatsa. Achimwene a Ganizani akanapanda kukhala kumbuyo, bwenzi lero mukundikalipira. Ndipo Chigayo akanakhala chiimire, bwenzi ndili m'chipatala. Lembani achimwene a Lonjezo. Magazi anataya ndi iwo.”

“Koma kakolo anagwira ndani?”

Sekani anangokanda pansi ndi chala.

Atachoka onse, a Chikuse anagwira njakata. Akaganiza za timu ya ku Lilongwe, inkafuna chiyani kwenikweni? Maso, phewa, kapena miyendo? Kalata sinanene. Akaganiza za timu yawo, wochokayo adzasiya dzenje: popanda Ganizani kumbuyo ndi khungu, popanda Lonjezo pakati ndi pofewa, popanda Sekani palibe wofika pomwe ena alephera. Paja amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma olemba kalata aja ankafuna chala chimodzi basi. Ndipo kukana kutumiza dzina kunali kuwamana onse atatu, malo nkupita kwa mwana wa ku Dedza. Zimenezo ndiye ayi, mlongo wawo akanawaona bwanji kumene aliko?

Anayang'ana kumunda. Anawo anali atayamba kale ntchito, awiri akulima, wa phewa uja akuwatsatira pambuyo ndi chigubu cha madzi, akusekana ngati palibe chimene chikuwadikira. Basi yonyamula kalata inkanyamuka dzuwa likafika pamutu, ndipo mthunzi wa chigafa unali ukufupika. A Chikuse analemba moni, nalemba tsiku, nalemba kuti, “Mlonda amene tikukutumizirani ndi,” cholembera nkuima pomwepo.

Ine nkhaniyi ndaitula pano, sindikupita nayo patsogolo. Inu amene mwakhala phee kumvetsera, cholembera chija chili m'manja mwanu tsopano, ndipo ana atatuwo ndi a mlongo wanu. Mulemba yani: amene anaona natseka njira osakhudza munthu, amene anapereka phewa lake kuti mbale wake adutse, kapena amene anaswa lamulo nagwira kakolo?