Sowo ya Mano Opendekera

Ndiyambe ndi kulumbira. Ngati m'nkhani iyi muli bodza ngakhale longa njere ya mawere, mphezi indipeze pomwe ndakhala pano, dzuwa likuswa mtengo chonchi. Ndinalipo ine. Ndinaona ndi maso awiriwa, masiku amenewo akutha kuwerenga nthiti za udzudzu uli tsidya la mtsinje.

Panali munthu wina, mkamwini, amene anadzakwatira m'mudzi mwathu. Kulima ankalima, koma mtima wake unali pa matabwa. Sanali kalipentala wamalonda ayi. Akaweruka kumunda ankakhala kuseri kwa nkhokwe, pa benchi yake, n'kumapanga timipando ndi tizitseko ta khola la nkhunda, kungosangalatsa manja. Zida anali nazo zinayi basi: nyundo, tupa, puleni, ndi sowo yakale imene anamusiyira bambo ake. Sowo imeneyo inali ndi mano zikwi zitatu. Ndinawerenga ndekha, ine amene sukulu ndinangoidutsa panja popita kodyetsa mbuzi.

Tsono mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, mwini mbumba, anali munthu wokonda zowongoka. Mizere ya kumunda ankayeza ndi chingwe. Nkhuku zake zinkalowa m'khola pamzere ngati asilikali. Akapeza mkamwini uja akupala thabwa, ankati, "Alamu, mlongo wangayu adya utuchi chaka chino?"

Chaka china chiswe chinadya chitseko cha apongozi, mayi wa mkazi uja, mpaka mbuzi zinkangolowa osaodira. Mlamu anaitana abale nagamula.

"Masewera akewa atipindulire. Apange chitseko cha amayi pofika Loweruka. Chikakanika, apinde mkeka wake abwerere kwawo. Mbumba yanga sisunga tambala wongopalasa."

Mukudziwa inu, kwathu mkamwini akapirikitsidwa amapita yekha. Mkazi amatsala, ana amatsala. Munthuyu anali ndi ana anayi.

Mkamwini anakasenza thabwa la mlombwa, lochindikala ngati ntchafu ya mvuu, naliika pa benchi. Analemba mizere ndi khala, natsikira kudimba kukathirira.

Ali komweko, mlamu anadutsa. Anatola sowo ija, natsinzina diso limodzi, nayang'ana m'mano mwake. Anaona dzino ili lapendekera kumanja, linzake kumanzere, linzake kumanja, choncho mpaka kumapeto. Anapukusa mutu. "Chida chopotoka ngati mwini wake," anatero. Ndinene zoona, sanachite mwankhanza. Iye ankati akuthandiza. Anaigoneka pa chidutswa cha njanji, naimenya ndi nyundo mpaka mano onse anaima pamzere umodzi, bwino ngati nkhuku zake.

M'mawa mwake mkamwini anayamba kucheka. Sowo inalowa m'thabwa chala chimodzi, n'kukanirira. Anakankha, inakana. Anakoka, inakana. Anabwera amuna khumi ndi awiri, inakana. Anamangirira ng'ombe ziwiri za pangolo, ng'ombe zinagwada. Inatuluka nditaigwira ine, ndi dzanja lamanzere, lamanja ndili ndi mzimbe.

Apa mudzi wonse unali utasonkhana. Mlamu anaima pakati, manja m'chiuno.

"Dzulo ndinakuwongolerani chida, lero mukulepherabe. Ndiye vuto si sowo, alamu. Kayambeni kupinda mkeka."

Mkamwini anatsinzina diso, nayang'ana m'mano mwa sowo yake. Anamvetsa. Tonse tinkayembekeza kuti agwada, awombe m'manja, athokoze chithandizo, apemphe masiku ena, monga achitira akamwini. Sanagwade. Anakokera benchi pakati pa bwalo, napana sowo pakati pa matabwa awiri. Anatenga msomali wa sikisi inchi ndi nyundo, nauika pa dzino loyamba. Go. Linapendekera kumanja. Lachiwiri, go, kumanzere.

Mkazi wake ananong'ona, "Bambo a Feliya, pamaso pa achimwene?"

"Pamaso pawo pomwepa, mayi."

Mlamu anati, "Mukapinda dzino lina limodzi, mwanyoza ine ndi mbumba yonse."

Go.

Anapinda mano onse zikwi zitatu, osadumpha, osamwa madzi. Anawanola ndi tupa. Atatha m'pamene anayankhula.

"Alamu, mano akaima pamzere umodzi amacheka njira yopapatiza, yongofanana ndi thupi la sowo, thabwa n'kuifinya. Ili likapita uku, linzake uko, njira imakula, chitsulo chimadutsa. Sowoyi ndi yanga. Ikhala yopendekera."

Anaiika pa mlombwa. Inadutsa ngati mpeni pa papaya. Utuchi unawuluka n'kuphimba dzuwa, nkhuku za mlamu zinasokoneza mzere koyamba chibadwire, ndipo ziwiri tinazifukula patapita sabata, zikuikira mazira pansipo. Loweruka dzuwa lisanafike pamutu, chitseko chinali pamalo pake.

Apongozi anatseka, natsekula, natsekanso. Chinangoti khwe, mphepo osapeza polowera. Anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna.

"Mkeka wa bambo awa usaukhudze. Ukafuna chowongola, yamba ndi pakamwa pakopo."

Mkamwini anakalambira m'mudzi momwemo, adzukulu ake akumudyera m'manja. Inenso zamatabwazi ndinaphunzira kwa iyeyo. Nyumba ya apongozi inagwa ndi chimvula cha chaka chija, makoma onse anayi anasungunuka, koma chitseko chilipo mpaka lero. Chaima chokha pakati pa munda wa chimanga, ndipo anthu aulemu akamadutsa amagogoda.

Tsono ndikunena ndi inu, ana anga, amene mumabwera kuno aliyense ndi nyundo yake m'kamwa. Akuti bambo siyani matabwa mwakalamba, akuti khalani pamkeka ngati anzanu, akuti pamsonkhano musamatsutse, muzingovomera. Nyundo zanuzo kabwezeni komwe munabwereka. Banja limene onse aima pamzere umodzi limaoneka bwino pakhoma, koma liikeni pa thabwa louma muone ngati lidutsa chala chimodzi. Ine ndine dzino la kumanzere. Ndinabadwa chopendekera, ndipo m'bokosi mudzandigoneka chammbali.

Ndakumvani, a Lufeyo, mukung'ung'udza kumbuyoko kuti chitseko sichingaime popanda khoma. Zamkutu zimenezo. Munachipanga ndinu? Inu amene mpando wa miyendo inayi umakugwetsani? Nyamukani mupite mukagogode nokha. Akapanda kukutsekulirani, dziwani kuti akuzindikirani mawu.