Wamalonda Amene Anayala Masamba Pamsewu

M'katauni kena ka m'mphepete mwa mzinda munali wamalonda wina wogulitsa nsalu. Katauniko kanali ngati kathu kano. Anthu anachokera kumpoto, kumwera ndi pakati, aliyense n'kugula kapuloti kake, n'kumanga mpanda wa njerwa. M'mawa ambiri ankakwera minibasi kupita kuntchito mumzinda, madzulo n'kubwerako ali lefulefu. Munthu ankatha chaka chathunthu osadziwa dzina la mnzake wa kuseri kwa mpanda.

Sitolo ya wamalondayu inali m'mbali mwa msewu waukulu wa katauniko, msewu wafumbi. Zitenje ankazipachika pakhonde kuti odutsa aziziona, pamodzi ndi malaya oyera a ana asukulu. Koma anthu anali kalikiliki kumanga nyumba, ndiye malole a mchenga ndi njerwa ankadutsa tsiku lonse, njinga zamoto za kabaza zili pambuyo. Ikafika nyengo yotentha, malaya oyera aja ankafiira asanagulidwe. Munthuyu ankadana ndi fumbi kuposa matenda. Ankayenda ndi kansalu m'thumba kopukutira nsapato, ndipo sankakhala pampando asanaupemerere.

Fumbilo silinkavuta iye yekha. Ana ankatsokomola, amayi ankachapa zovala kawiri. Choncho anthu anagwirizana kuti azikumana Loweruka pabwalo la sukulu, akambirane ndi khansala, atute miyala ndi dothi, aike zitunda zija timati mahampu kuti magalimoto azichepetsa liwiro. Koma mukudziwa mmene misonkhano yathu imayendera. Woitanidwa m'mawa amafika dzuwa lili paliwombo. Uyu akufuna hampu pakhomo pake, uyo akuti itchinga madzi a mvula. Wamalonda uja anapitako kamodzi, n'kubwerako akupukusa mutu. Anzake akamuuza kuti mutu umodzi susenza denga, iye ankayankha kuti denga lake anakhoma kale malata.

Tsiku lina ankasadza mtengo wa mango umene unali pafupi ndi khonde la sitolo, ndipo nthambi zina zinagwera pamsewu. Asanazichotse, kunatulukira lole yodzaza mchenga. Dalaivala ataona masamba anaponda buleki, n'kuzimitsa wailesi, n'kudutsa pang'onopang'ono. Wapanjinga amene ankabwera pambuyo anatsika, n'kuvula chipewa, n'kumaiyendetsa njingayo pamanja. Fumbi silinadzuke ngakhale pang'ono.

Abale anga, palibe pano amene sadziwa tanthauzo la masamba aawisi pamsewu. Sitinawaphunzire kusukulu, ndipo palibe wapolisi amene amaima pamenepo. Koma aliyense akawaona amadziwa kuti pafupi pali nyumba imene mwalowa imfa. Wothamanga amafatsa, woseka amatseka pakamwa, ndipo wokhala pafupi amasiya zimene akuchita n'kupita kukakhala pansi ndi anamfedwa. Kumudzi uthenga umayenda ndi achibale. M'tauni, mmene tonse ndife alendo, nthawi zambiri mthenga woyamba ndi masambawo.

Wamalonda uja anaima ndi chikwanje m'manja, akuyang'ana msewu uli zii. Mtima unamuuza kuti achotse nthambizo msanga. Koma anayang'ananso malaya ake oyera, n'kuona kuti akadali oyera. Anazisiya pomwepo mpaka madzulo.

M'mawa mwake nthambi sizinagwe zokha. Anazithyola yekha, n'kuziyala bwinobwino, zina kumtunda kwa sitolo, zina kumunsi kwake. Mumtima ankati, anzanga akutha nsapato ndi misonkhano, ine ndathana nalo fumbi ndi mtengo umodzi.

Dzuwa lisanakwere kwenikweni, kunafika mayi Chikapa, amene ankatsogolera amayi pa zamaliro m'deralo. Anali atamanga duku, mtolo wa nkhuni uli pamutu, amayi anzawo akutsatira pambuyo ndi mabeseni a ufa. Anatula nkhuni, nafunsa motsitsa mawu kuti, "Pepani bambo, zagwa nyumba iti?"

Wamalonda anaseka. "Palibe chagwa, mayi. Ndikungosadza mtengo wanga."

Mayi Chikapa anamuyang'ana m'maso. "Mtengo ndi wanu, bambo. Koma masamba akagona pamsewu ndi athu tonse."

Anasenzanso nkhuni zawo n'kubwerera. Akuluakulu a m'deralo anamuitana wamalondayo n'kumudzudzula. Iye anapepesa ndi pakamwa, n'kuleka masiku angapo. Koma mphepo itakula, fumbi litabwerera pazitenje, anayambiranso. Akafunsidwa ankati mtengo wake umakula msanga. Nanga walakwira ndani? Sanabe mbuzi ya munthu, sanasunthe malire a puloti, sanatukwane aliyense.

Amayi aja anabweranso ulendo wina, poopa kuti mwina tsopano ndi zoona, n'kupezanso mwini sitolo akupukuta nsapato zake. Kuyambira pamenepo sanabwerenso. Madalaivala nawo anazindikira. Poyamba ankachepetsa liwiro pang'ono, akusuzumira ngati pali anthu okhala pansi. Kenako anayamba kungodutsa. Pamapeto pake akabaza ankachita kuponda masambawo mwadala, akuimba hutala. Fumbi linabwerera monga kale, koma tsopano linkagwera pamasamba amene palibe ankawalemekeza.

Kuseri kwa sitoloyo, ukatsata kanjira kopanikizika pakati pa mipanda iwiri, kunali kanyumba ka lendi. Munkakhala banja lina lochokera ku Chitipa, limene linali litangofika kumene m'katauniko. Mwamuna anali a Silungwe, wowotcherera zitsulo, ndipo mkazi wake anali Nakayange. Analibe mbale aliyense kumeneko, ngakhale kumpingo anali asanadziwike bwino.

A Silungwe anadwala mwadzidzidzi, n'kumwalira kuchipatala. Abwana awo a kuntchito analonjeza galimoto yonyamula maliro kupita kwawo, ndipo inali yoti inyamuke dzuwa likapendeka, poti ulendo wa ku Chitipa ndi wautali. Nakayange anapempha chinthu chimodzi. Anati thupi la mwamuna wake liyambe lafika kunyumba, ligone pamphasa pake, anthu a m'dera limene ankakhala amuimbire nyimbo n'kumutsanzika, asachoke ngati katundu. Mnzawo wina wa kuntchito wa malemuwo anabweretsa bokosi m'mawa, n'kulilowetsa m'kanyumba kaja. Atatero anathyola nthambi, n'kukaziyala pamsewu, pamene kanjira kaja kamatulukira. Pamenepo panali pakhomo pa sitolo ya nsalu.

Nakayange anakhala pansi pambali pa bokosi, n'kumadikira anthu.

Malole anadutsa, akabaza anadutsa. Amayi opita kumsika anaona masamba, n'kuuzana kuti, "Wayambanso uja wansalu." Wina anakauza mayi Chikapa, iwo n'kuyankha kuti nkhuni zawo sizoseweretsa. Nakayange ankalira, koma mawu anali atamuthera kale kuchipatala, ndipo kulira kwa munthu mmodzi sikudumpha mpanda wa njerwa pamene malole akulindima. Akamva mapazi ankatukula mutu, mapaziwo n'kupitirira.

Tsiku limenelo wamalonda analawirira mumzinda kukapikula nsalu. Anabwerera masana, ndipo minibasi imene anakwera inaponda masamba aja osachepetsa liwiro. Kondakitala anamuseka pomutsitsa. "Abwana, masiku ano mukumayala musananyamuke?"

Wamalondayo anatsika, n'kuima m'mbali mwa msewu. Ankadziwa kuti tsiku limenelo sanayale kanthu. Anayang'ana nthambizo, zoswekasweka, zofiira ndi fumbi, n'kuona kuti sizinali za mango ake. Anatsata kanjira kaja, ndipo panja pa kanyumba anapeza mwamuna mmodzi atakhala panjerwa, mutu uli m'manja. Panalibe moto, panalibe nyimbo. Chitseko chinali chotsegula, ndipo m'katimo anaona bokosi, ndi mayi mmodzi yekha atalitsamira.

Mwamuna wa panjerwa uja anatukula maso. "Achimwene, kodi kuno anthu ake ndi otani? Masamba ndayala m'mawa, koma mpaka pano ngakhale mmodzi."

Apa m'pamene panali kusankha. Palibe amene anamuona akulowa m'kanjirako, ndipo alendo awiriwo sankadziwa mbiri ya masamba a pamalopo. Akanatha kunena kuti anthu a m'tauni ndi ouma mitima, n'kupepesa, n'kukatsegula sitolo yake. Galimoto ikanabwera, maliro akanapita, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Mulungu akafuna kupulumutsa munthu, amayamba wamuonetsa chimene wachita.

Wamalondayo anathamangira kumsewu, n'kuyamba kuimitsa magalimoto. Anafuula kuti kuli maliro, koma madalaivala ankangomukupizira dzanja akuseka. Anaimitsa mayi wina wodziwana naye, mayiyo n'kuti, "Mwatipusitsa kokwanira, bambo." Wamalondayo ankanena zoona, koma mawu ake anali atatha mtengo pamodzi ndi masamba aja. Dzuwa nalo linali litayamba kupendeka.

Pamenepo anavula nsapato zake zopukutidwa zija. Anayenda mpaka pakati pa msewu, n'kukhala pansi m'fumbi, pakati pa nthambi zosweka, manja ali kumutu, misozi ikutsika. Lole ya njerwa inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwake, fumbi lonse n'kumukwirira, iye osasuntha. Dalaivala anatsika kuti amukalipire, koma atamuyang'ana kumaso anabwerera n'kukazimitsa injini. Anthu a m'mbali mwa msewu anayamba kunong'onezana kuti ngati munthu uyu wakhala m'fumbi, ndiye kuti kwagwadi zovuta.

Uthenga unathamanga. Mayi Chikapa anabwera akumanga duku m'njira, amayi ena ali pambuyo, abambo akutseka maokala awo. Koma pamene ankafika, galimoto ya maliro inali itafika kale. Bokosi linali likutuluka m'kanjira kaja, litanyamulidwa ndi mnzawo wa malemu, dalaivala wa galimotoyo ndi anthu awiri odutsa. Nkhuni zinatulidwa, koma panalibe nthawi yosonkha moto. Amayi anayambitsa nyimbo ali chiimire, ndipo isanafike pakati, dalaivala anati ulendo ndi wautali.

Nakayange asanakwere, wamalonda anagwada pamaso pake, fumbi lili mpaka m'tsitsi. Anamuuza zonse, anthu akumva, osabisa kanthu. Anati anthu a kuno si oipa, woipa ndi iye. Anamupempha kuti atchule chilichonse, kaya nsalu, kaya thandizo la paulendo, iye apereka.

Mayiyo anamumvetsera mpaka kumapeto. Kenako anayankha ndi mawu ake osasa aja. "Bambo, mukanalowa m'nyumba mwanga n'kuba mapoto, ndikanagula ena. Inu mwandibera anthu pa tsiku limene ndinkawafuna."

Anakwera, galimoto n'kunyamuka. A Silungwe anachoka m'katauniko ndi theka la nyimbo.

Loweruka lotsatira wamalondayo anali woyamba kufika pabwalo la sukulu. Anatuta miyala pamodzi ndi anzake, anapirira mikangano yonse imene ankainyoza, ndipo mahampu anamangidwa. Fumbi linachepa. Koma panapita nthawi yaitali madalaivala asanayambenso kukhulupirira masamba a pamsewu umenewo, ndipo mabanja ena ofedwa ankachita kuika munthu woimirira pamenepo kuti azinena kuti ndi zoona. Nakayange sanabwerenso, ndipo tsiku limene anakhala yekha lija palibe amene akanamubwezera.

Abale ndi alongo, tanthauzo la fanizoli nali. Pali chuma chimene Mulungu sanachiike m'thumba la munthu mmodzi, koma anachiika pakati pathu, ndicho kukhulupirirana. Chimenechi n'chimene chimasandutsa mapuloti ndi mipanda kukhala mudzi. Mnansi akakuwa kuti wakuba, timatuluka chifukwa timamukhulupirira. Tikasankha munthu kuti atsogolere komiti ya mjigo kapena ya sukulu, timamupatsa masamba athu m'manja. Ndipo aliyense wa ife tsiku lina amaima pamene anaima wamalonda uja, chikwanje chili m'manja, akuona kuti angathe kuthetsa vuto lake yekha pogwiritsa ntchito chinthu cha tonse. Mtima umanong'ona kuti sukubera munthu. Ukumubera, kungoti sunamuone nkhope. Kawirikawiri amakhala wofooka kuposa tonse, mlendo wopanda mbale, amene chuma chake chonse ndi chifundo cha anansi.

Mulungu amakhululuka, ndipo ndikhulupirira kuti munthu uja anamukhululukira pamene anakhala m'fumbi. Koma kukhululukidwa sikunabweze galimoto ija. N'chifukwa chake ndikukudandaulirani lero, dzuwa lisanapendeke. Ngati pali masamba amene mwayala mwabodza pakhomo panu, pitani mukawachotse ndi manja anu omwe. Akale anati maliro n'kulirana. Tsiku likubwera pamene masamba adzayalidwa chifukwa cha inu, inuyo muli chete m'bokosi, ndipo amene mumamukonda adzakhala pansi pambali panu, akumvetsera ngati mapazi a pamsewu akhotere kunyumba kwake.