Makontena Makumi Atatu a Anachisale

Pali mwambi wina waufupi, wa mawu awiri okha, umene anthu amangoutchula ngati moni osadzifunsa kuti unachokera kuti. Mukafunsa ophunzira kwambiri adzakuuzani kuti ndi wa makolo akalekale. Ine sindilimbana nawo, mano okanganira ndi anthu anandithera. Koma ndinaphunzitsa Sitandade 5 kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo ana sindiwanamiza. Mwambi umenewu ndinaumva ukubadwa ndi makutu angawa, ku Balaka, m'nyumba yoyang'anana ndi yanga.

M'nyumbamo munkakhala mayi wina dzina lake Enelesi, koma tonse tinkawaitana ndi mfunda wawo kuti Anachisale. Amuna awo, amene anali dalaivala, anamwalira pa ngozi n'kuwasiyira ana atatu. Maliro atangotha, abale a mwamuna anabwera ndi lole. Anapakira mipando, bedi, makina osokera, mpaka mapoto, abale inu, mapoto! Ife anansi tinaima m'makomo mwathu manja ali pachifuwa, tikunong'onezana kuti za m'banja la eni sitilowerera. Inenso ndinali pomwepo, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Kuyambira tsiku limenelo Anachisale anatseka chitseko cha mtima wawo. Moni ankapereka, kumaliro ankabwera, koma kupempha ngakhale mchere wa m'kamwa, ayi ndithu. Anapeza ntchito yotayipa makalata mu ofesi ina m'tauni, ndipo patatha chaka anagula firiji yakale kwa munthu amene ankatseka golosale yake. Inali firiji yaikulu yogona ngati bokosi, ija amasungiramo mafirizesi.

Ndiye ankachita chonchi. Loweruka m'mawa ankapita kumsika kukagula ndiwo zambiri nthawi imodzi, pamtengo wopikulira. Akabwerako ankayatsa mbaula ziwiri n'kuphika tsiku lonse: nyemba mpoto waukulu, nandolo, usipa, nkhwani wotendera, kanyama ka mbuzi mwezi ukatha. Zikazizira ankazigawa m'makontena a majarini otsukidwa bwino n'kuzilongedza mufiriji muja. Madzulo aliwonse akaweruka ankangotulutsa kontena imodzi n'kutenthetsa, ndipo dzuwa lisanalowe n'komwe ana anali atadya.

Ife tinkawajeda, ndisakunamizeni. Pampopi tinkati, "Ulesi wanji umenewu, kudyetsa ana ndiwo za sabata yatha!" Wotsogolera miseche nthawi zambiri ndinali ine, mphunzitsi wathunthu. Chonsecho thumba lawo la makala linkatha miyezi iwiri, langa milungu itatu, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkatereka nyemba ana akuwodzera ndi njala. Kunena zoona inali nsanje chabe.

Chaka china Anachisale anayamba kuonda. Kuchipatala anawapeza ndi chotupa m'mimba, ndipo anawauza kuti apite ku Blantyre pa 1 Novembala kukachitidwa opaleshoni. Adokotala anati akagona kumeneko sabata imodzi, ndipo akabwerako, milungu itatu asanyamule kanthu kapena kuweramira pa mbaula. Mng'ono wawo wa ku Mchinji anavomera kudzawadikirira kuchipatala sabata imodziyo basi. Nanga ana adya chiyani mwezi wathunthu? Wamkulu, Tiyese, anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Nsima ankatha kuphika, koma kusaka ndiwo tsiku ndi tsiku, kwinaku sukulu, kwinaku azing'ono ake awiri, sikukanatheka.

Anachisale sanauze munthu. Kangachepe konse kamene anali nako anakathera kumsika, ndipo Loweruka zitatu zotsatizana anaphika atamanga chitenje cholimba pamimba chifukwa cha ululu. Makontena anakwana makumi atatu. Pa chivundikiro chilichonse anamata kapepala kolembapo tsiku lodyera, kuyambira pa 1 mpaka pa 30 Novembala, kuti Tiyese asamasokonezeke. Atatseka firijiyo mtima unakhala pansi, chifukwa ana awo adya mwezi wonse popanda kugogoda pakhomo la munthu.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala masiku atatu kuti anyamuke, kunagwa mvula ya chizimalupsa, ndipo mphezi inawomba thiransifoma ya dera lathu. Magetsi anathima mbali yonse ya tauni. Okonza atabwera anapukusa mitu n'kunena kuti zipangizo zichokera kutali, tidikire milungu iwiri.

Kutentha kwa ku Balaka mu Okutobala, amene anakhalako akudziwa. Tsiku loyamba Anachisale anafunditsa firiji mabulangete ndi masaka, n'kuletsa ana kuti asayerekeze kuitsegula. Tsiku lachiwiri madzi anayamba kudontha pansi pake. Tsiku lachitatu, mawa lake ali pa ulendo, anatsegula n'kupeza makontena a pamwamba atasungunuka kale, a pansi akutsatira. Ndiwo zinali zikadali bwino, koma zotendera zija sizikanafika mawa madzulo.

Tiyese anandiuza pambuyo pake kuti mayi ake anakhala pansi pafupi ndi firijiyo, misozi ikungoyenderera. Kenako anadzuka, anapukuta kumaso n'kunena kuti, "Tenga dengu. Kusiyana n'kuti ziwole, adye ana a anzanga."

Masana amenewo tinaona zachilendo. Anachisale, amene anali asanapondepo pakhonde la munthu zaka zinayi, akuyenda khomo ndi khomo, pang'onopang'ono, dzanja lina lili pamimba. Nyumba za mumzere wathu zinalipo khumi ndi zisanu, ndipo iliyonse inalandira makontena awiri. Atafika kwanga anapeza ndili ndi Abiti Jafali, mayi wogulitsa zitumbuwa amene ankakhala kumapeto kwa mzere, munthu wosadziwa kunong'ona.

"Odi, aphunzitsi," anatero Anachisale. "Firiji yandithawa. Landirani tindiwoti, mudye lero lomwe."

Ine ndinalandira nkhuku ndi nkhwani, ndiwo zomwe zija ndinkazinyoza pampopi. Abiti Jafali, poti ndi Msilamu, anayamba afunsa kuti nkhukuyo anazinga ndani, ndipo Anachisale, akumwetulira pang'ono, anawasankhira nyemba ndi usipa. Abiti anatembenuza kontena yawo n'kuona kapepala.

"Nanga manambalawa ndi a chiyani, amake Tiyese? Apa mwalemba 1, apa 17."

"Ndi masiku amene ana akanadya. Ingomatulani, alibenso ntchito."

"Akanadya? Inuyo mukupita kuti?"

Apo ndi pamene ananena za opaleshoni, mwachidule, maso ali pansi. Abiti Jafali anawomba m'manja mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo.

"Mayi inu! Mukukang'ambidwa pamimba mawa, ana mukuwasiya okha, ife osatiuza? Ndife mitengo kodi?"

Anachisale anadzutsa mutu n'kutiyang'ana tonse awiri. Sanakweze mawu.

"Tsiku lija kunabwera lole, nonse munali pompano. Ndikanauza ndani?"

Kalanga ine! Mawu amenewo anandilasa. Iwo ananyamula dengu lawo n'kupitirira ku nyumba yotsatira. M'mawa mwake anakwera basi, atasiyira ana ufa ndi kapepala ka bonya kosakwana masiku atatu.

Basi itangonyamuka, Abiti Jafali anatipeza pampopi. Anaika ndowa pansi n'kuima pakati pathu manja ali m'chiuno.

"Ndiwo za dzulo munadya?" anatifunsa. Tonse tinavomera. "Zinali za ulesi?" Tonse tinayang'ana pansi. "Tsono tamverani. Kwathu mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu, kaya kwanu. Makontena aja ndi a eni. Aliyense asamatule kapepala. Tsiku lolembedwapolo likafika, uphike chimene uli nacho, udzaze, ukatule pakhomo paja dzuwa lisanalowe. Lero ndi pa 1, ndiyamba ndine."

Panali kachisokonezo pang'ono, chifukwa ena anali atatsuka kale makontena, mapepala n'kupita ndi madzi, ndipo wina anali atayatsira moto. Ndinathamangira kunyumba kukatenga choko, tinalemba masiku onse pakhoma la bafa langa n'kupeza osowawo. Madzulo amenewo Tiyese atamva odi anatsegula chitseko n'kupeza Abiti Jafali atanyamula kontena yolembedwa 1, muli nyemba zotentha ndi zitumbuwa zitatu pamwamba.

Zinayenda choncho tsiku ndi tsiku. Wina ankabweretsa therere, wina matemba, wina chigwada, aliyense monga mwa thumba lake. Panali bambo wina wosakwatira, wokonza njinga, amene tsiku lake linali pa 6. Munthuyo kuphika sankadziwa, koma anakana kuti wina amuphikire. Anawiritsa mazira n'kuthira tomato ndi mchere wochuluka moti anawo anamwa madzi ngati ng'ombe, koma anadya n'kutsuka kontena.

Anachisale anabwerako pa 9, atawonda, akuyenda chowerama. M'njira yonse ankaganiza kuti apeza ana atatuwa ndi njala. Anapeza ali bwinobwino, ndipo pa shelefu pali makontena asanu ndi atatu otsukidwa. Asanafunse n'komwe, kunja kunamveka odi, kontena yachisanu ndi chinayi yafika. Tiyese anati mayi ake anatembenukira kukhoma n'kulira.

Magetsi anayaka pa 14, firiji inayambanso kulira ili gwa, yopanda kanthu. Makontena sanasiye kubwera.

Masiku anga anali pa 12 ndi pa 30. Pa 12 ndinatuma mwana, chifukwa manyazi anali asanandichoke. Koma pa 30 ndinati ayi, ukalamba wanji wothawa mnzako. Ndinali ndi thadzi limodzi lokha loikira mazira. Ndinalipha, ndinaliphika ndi mtima wanga wonse, ndinadzaza kontena ija ndinalandiramo nkhuku, ndipo ndinapita ndekha. Ndinawapeza atakhala pamkeka pabalaza, atatsamira firiji. Ndinagwada n'kuika kontena patsogolo pawo.

"Anachisale," ndinatero, "tsiku la lole lija ndinaonerera. Pambuyo pake ndinakujedaninso. Ndinalakwa, mundikhululukire."

Anayang'ana kapepala kolembedwa 30, kolemba iwo eni, kamene tsopano kanali katada ndi mafuta. Kenako anandigwira dzanja.

"Dzukani, aphunzitsi, mawondo amenewo si a mtsikana," anatero. "Ine tsiku lija ndikuyenda ndi dengu ndinkalira mumtima kuti ndataya zonse. Zimene ndinaika m'bokosi ili sizinathe masiku atatu. Zimene ndinapatsa anthu zakhala mwezi wathunthu, ndipo zabwera zotentha. Kani ndinkati ndikutaya, pamene ndinkaika. Kupatsa n'kuika."

Abiti Jafali anali atafika pakhomo kudzazonda wodwala, ndipo anamva. Mukudziwa kale kuti chimene amva Abiti chamvedwa ndi msika wonse. Sabata isanathe mawuwo anali pakamwa pa aliyense, ndipo apaulendo a sitima anawanyamula kupita nawo kutali.

Tsono mwambi ndi umenewo, ana anga: kupatsa n'kuika. Kuika ndi kusunga chinthu pamalo abwino kuti udzachipeze tsiku la mavuto. Mwambiwu sukunyoza kusunga ayi. Anachisale akanakhala osaphika ndi kusunga, akanagawa chiyani? Ndipo atachira anapitiriza kuphika Loweruka, ife amene tinkaseka tikukhala nawo pambali kuphunzira, makontena athu akugona mufiriji yawo yomweyo. Chimene mwambiwu ukunena n'chakuti nkhokwe imafumbwa, firiji imathima, koma chimene wapatsa mnzako chasungika pamalo pamene mphezi siwomba. Usapatse uku ukuwerengera kuti chibwera liti, chifukwa amenewo ndi malonda. Iwo anapereka kwa anthu amene anawalakwira, osayembekezera kanthu, pa tsiku limene iwo eni anali atasowa mtengo wogwira.

Anachisale anatisiya zaka zisanu zapitazo, ndipo firiji ija inafa kalekale. Ine miyendo inandikana, pa mbaula sindiweramanso, ana anga ali kutali. Koma Loweruka lililonse Tiyese, amene tsopano ndi mayi wa ana ake, amafika pakhomo panga ndi dengu la makontena asanu ndi awiri, tsiku lililonse la sabata lili ndi yake, kapepala kali pamwamba, n'kuwalongedza m'kafiriji kanga. Ndinapha thadzi limodzi lokha, ana inu, ndipo mpaka lero ndikulidyabe.