Timashoko Todontha ndi Shedi ya Malemu

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale lija mabasi a ku Joni atangoyamba kubwera atasenza mafiriji ndi zidole, ku Lunzu kunali mayi wina dzina lake Esinati. M'mawa ankachapa zovala m'makomo mwa anthu, masana n'kumagulitsa chinangwa chophika pamsewu. Mwamuna wake, a Bonifasi, anali makaniki wa njinga zamoto, ndipo anali ndi shedi yamalata kuseri kwa msika, yaing'ono moti munthu akatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri. Anaikhoma loko shediyo n'kupita ku Joni kukasaka ntchito. Pobwerera, basi yawo inagubuduzika. Kunyumba kunafika bokosi la maliro ndi chikwama chimodzi.

M'chikwamamo munali kagalimoto kofiira koyendera rimoti, kogulira mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana wotchedwa Sungeni. Sikanali kachidole ka pagolosale ayi. Pa teyala lililonse panali kashoko, kabotolo kotalika ngati chala cha mwana, kodzaza ndi oyilo, kachitsulo kowonda kakulowa ndi kutuluka mkati mwake. Timashokoti ndi timene tinkakalandira kagalimoto kakadumpha mwala, kuti katere bwino osagunditsa mimba pansi.

Chimwalirireni bambo ake, Sungeni anasiya kulankhula, ndipo chakudya ankangolawa. Kuchipatala anamuyeza nati thupi lilibe matenda, wavulala ndi mtima. Koma akatulutsa kagalimotoko n'kukazunguliritsa pabwalo, kudutsa pamtondo mpaka kuthandala la mbale, maso ake ankadzuka, ndipo pomaliza ankakhala pansi n'kupukuta mbale yonse. Esinati sanafunse zambiri. Batire ankakatchajitsa tsiku ndi tsiku ngati mmene munthu saiwalira mankhwala.

Kenaka fumbi la chilimwe linachita zake. Timashoko tinayamba kudontha, fumbi n'kumatirirapo ngati phala. Kagalimoto kanagwada, mimba n'kumakhula pansi, ndipo tsiku lina katagunda kamwala kanagubuduzika, mateyala m'mwamba akuzungulirabe. Sungeni anaima n'kumakayang'ana mmene kanagoneramo. Anagwira oyiloyo ndi chala, nayang'ana chalacho nthawi yaitali. Kenaka anakakulunga m'chitenje, nakakankhira kunsi kwa bedi, n'kugona chopenya kukhoma. Chakudya anachikaniratu.

Esinati anayenda m'masitolo a ku Limbe mpaka mapazi kutupa. Kulikonse yankho linali limodzi: "Zimenezi kuno kulibe, mayi, muitanitse ku Joni." Atumenso ndani ku Joni? Pobwerera anaima pakati pa msika wa ku Lunzu, kagalimoto kali m'manja, nalankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Amene akonze kagalimoto aka mpaka mwana wanga adye, makiyi a shedi ya malemu ndi ake."

Mvula inali pafupi, ndipo amisiri ambiri a pamsikapo denga lawo linali mtengo. Mawuwo sanagwe pansi.

Woyamba kubwera anali mchimwene wake wa Esinati, a Layisoni, okonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo wa mango. Anamasula kashoko kamodzi, nakapenda padzuwa.

"Chemwali, vuto ndi apa. Pamene kachitsulo kamalowera pali timalabala tozungulira totsekera oyilo. Fumbi latidya."

Timalabala totero palibe ankagulitsa. A Layisoni anatenga kalabala ka valavu ya njinga, aja timavekera kuti mpweya usatuluke m'chubu, nayamba kukadula ndi lezala timphete timphete. Tambiri tinapotoka n'kutayidwa. Anadzicheka chala, nachimanga ndi kansanza, napitiriza mpaka anapeza tokwanira, totsala n'kutisunga m'bokosi la machesi. Koma pomasula tizitsulo tija, timanati tinakana kutembenuka, ndiye iwo anachita zimene amachita ndi njinga iliyonse yamakani: anagwira tizitsuloto ndi pulayazi. Mano a pulayazi anasiya mikwingwirima. Oyilo wotsala uja anatsata mikwingwirimayo, ndipo dzuwa lisanapendeke kagalimoto kanali katagwadanso.

Wachiwiri anali a Zakeyu, mng'ono wawo wa malemu, okonza mafoni ndi mawotchi pa katebulo pakhonde la sitolo ya eni ake, amene ankawathamangitsapo kawirikawiri. Anaika kagalasi padiso.

"Alamu, tizitsuloti waluma ndani? Fisi?"

"Ndi achimwene," anatero Esinati.

"Anthu a njinga. Ngakhale dzino la mwana angazule ndi pulayazi."

Anakhala tsiku lonse osalandira foni ya munthu, akupala tizitsuloto ndi sandipepa wosalala, kenaka n'kutipukuta ndi mankhwala otsukira mano pa kansalu, mpaka tinawala ngati singano zatsopano. Anabwezeretsa timalabala ta a Layisoni. Koma oyilo anali atatheratu. A Zakeyu anapempha Esinati kuti awatsegulireko shedi ija, natulukamo ndi chigubu cha oyilo wa injini ya njinga yamoto chimene malemu anasiya.

"Oyilo wa achimwene, galimoto ya achimwene. Zidziwana zokha."

Kagalimoto kanaima chilili. Esinati anathamanga nako kunyumba osadikira n'komwe. Sungeni anadzuka, nakayendetsa masana amenewo, nalawa kachinangwa. Koma kutacha, timalabala tinali titafufuma ngati mandasi m'chiwaya, titagwira tizitsulo kuti gwa. Kagalimoto kanauma miyendo, kanadumpha ngati chule, n'kugubuduzikanso mwanayo akuona. Ulendo uno Sungeni anakana ngakhale thobwa. Milomo inayamba kung'aluka.

Wachitatu sanaitanidwe. Anali Malita, mayi woluka tsitsi pansi pa ambulera, wa nyumba yoyandikana ndi ya Esinati. Awiriwa sankapatsana moni, chifukwa Malita ndi amene ananena pampopi, anthu ali mbwee, kuti chidole chochokera m'chikwama cha wakufa n'chimene chatseka mwana pakamwa, akachitaye kumtsinje. Tsikulo analowa yekha pabwalo, natola kalabala kofufuma kaja, nakafinya.

"Amake Sungeni, amuna awa satha kufunsa? Labala sagwirizana ndi mafuta alionse. Timalabala tanga tomangira tsitsi tikakhudza mafuta odzola timafufuma chonchi, n'kuduka. Koma alipo amodzi amene satidya."

"Mwabwera kudzathandiza kapena kudzaona ngati zanu zija zakwaniritsidwa?"

"Tiyankhulana mwana akadya. Ngati timalabala tina tinatsalako, bweretsani."

Anatulutsa kabotolo ka mafuta owalitsira mawigi, oyera mbee, onanda ngati uchi, kamodzi kokhako kamene anali nako. Anatsuka timashoko tonse ndi sopo, natiyanika. Anaveka timalabala totsala ta a Layisoni pa tizitsulo ta a Zakeyu, nayamba kudontheza mafutawo pang'onopang'ono, uku akukankha kachitsulo m'mwamba ndi pansi. Timathovu tinkakwera kamodzikamodzi.

"Tsekani tione," anatero Esinati. "Mwana akufa m'nyumbamu."

"Mukatsekera mpweya mkati, mwagwira ya bakha, ntchito yachabe. Kufulumira kwanuko n'kumene kunamuonetsa ngozi kachiwiri. Khalani pansi."

Esinati anakhala pansi. Thovu lomaliza litaphulika, Malita anatseka, nabwezera masipuling'i ovala kunja kwa timashokoto, nanyamula kagalimoto kufika m'chiuno n'kukasiya. Kanatera ngati mphaka, osadumpha, osagunda mimba.

Anamunyamula Sungeni kumutulutsa panja, poti miyendo inalibe mphamvu. Rimoti anachita kumufumbatitsa. Kagalimoto kanayenda, kanazungulira mtondo, kanalunjika pa kamwala komwe kaja. Esinati anatsinzina. Atatsegula maso, kagalimoto kanali kutsidya, pa mateyala ake onse anayi, kakuthamangabe.

"Amayi," anatero Sungeni ndi mawu osasa, "njala."

Mbiri inafika kumsika phala lisanazizire. M'mawa mwake, mitambo itada kumapiri, onse atatu anali pakhomo.

A Layisoni anayamba. "Chemwali, timalabala tili m'menemo n'ta ndani? Popanda ito, mafuta awo a mawigiwo akanathera pansi. Nthenda ndinaitulukira ndine. Komanso ine ndine malume ake a mwanayu. Akadwala mumathamangira kwa ine, akadzakwatiwa mudzathamangira kwa ine. Ndinyowe ndi mvula mlongo wanga ali ndi makiyi m'manja?"

"Munatulukira nthenda n'kuwonjezerapo ina," anatero a Zakeyu. "Mabala a pulayazi yanu anapoletsa ndani? Alamu, labala wabwino pa chitsulo chokalika ndi ntchito yachabe, munaona nokha. Ndipo malata a shedi ija ndinasenza ine pamutu, ine ndi achimwene. Pa maliro paja, akwathu sanakulandeni ngakhale supuni, chifukwa ndinawaletsa ndine. Lero thukuta la m'bale wanga lipite kwa eni?"

Malita sanakhale n'komwe pampando. "Ine pano ndilibe magazi, ndilibe mbumba. Ndili ndi mawu anu okha, amene msika wonse unamva. Simunati wachibale. Munati amene akonze mpaka mwana adye. M'manja mwa awa kanagwada, m'manja mwa awa kanagubuduzika. Mwana wadya kali m'manja mwa ndani?"

"M'manja mwa munthu amene ankati tikakataye kumtsinje," anatero a Layisoni.

"Ndinanena, inde. Koma ine ndinalakwa ndi pakamwa. Inu munalakwa ndi manja."

Esinati anayesa njira ina. "Bwanji mugawane? Wina uku, wina uku."

"Muja mulowa tebulo limodzi basi," anatero a Zakeyu. "Mafoni a eni ndiziika pa matcheni a njinga?"

"Ndipo palibe mkazi angakhale pa girisi kuti ndimuluke," anawonjezera Malita.

Palibe amene anaopseza poyera. Koma a Layisoni anati lezala lawo labuntha ndipo maso akuwavuta masiku ano. A Zakeyu anati munthu amene sali m'bale pogawana zinthu asamakhalenso m'bale pa mavuto. Malita anangobweza kabotolo kake m'chikwama n'kutseka zipi.

Esinati anamva zonse, ndipo anamvetsa. Fumbi silitha ku Lunzu. Timalabala ta valavu si tokhalitsa. Tsiku lidzafika pamene adzafunenso lezala la mchimwene wake, diso la mlamu wake ndi mafuta a mnzake wa pampopi, zonse pamodzi, pakuti chimodzi popanda zinazo sichinathandizepo. Koma loko ndi mmodzi, ndipo atsegulira mmodzi n'kutsekera awiri.

Anacheukira pabwalo. Sungeni anali atanjuta pafumbi, chinangwa kukamwa, rimoti m'manja. Kagalimoto kanabwera n'kudzaima pa mapazi a mayi ake. Esinati anawerama kuti akapukute ndi nsonga ya chitenje, ndipo pa kashoko kamodzi ka kumbuyo anaona kanthu konyowa kakunyezimira, kochepa ngati msozi wa khanda. Kaya anali mafuta otsalira pothira dzulo, kaya kanali katayambanso, iye sanadziwe. Kumapiri kunagunda. Atatu aja anali chiimire, akuyang'ana makiyi.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musazengereze, mvula ikubwera ndipo mwana ayenera kudyanso mawa. Makiyi aja Esinati awaike m'dzanja la ndani: la a Layisoni, la a Zakeyu, kapena la Malita?