A Sizasi Afuna M'busa Wosaopa Nkhope

Mumsewu wodutsa kuseri kwa msika munali kanyumba kometera, ka mpando umodzi wozungulira, benchi la odikira ndi galasi lalikulu long'aluka pakona. Eni ake anali bambo ena aafupi, a mimba yotsogola pang'ono, amene aliyense ankangowatchula kuti a Sizasi. Dzinali silinachokere pa ntchito yokha ayi. Anthu ankati pakamwa pawo pankatseguka ndi kutseka mofulumira kuposa chida chimene chinali m'manja mwawo. Munthu ankalowa m'menemo ndi tsitsi, n'kutulukamo ndi nkhani za mabanja atatu.

Kutchalitchi a Sizasi anali mkulu wa mpingo, wosajomba, wokhala benchi lachiwiri kutsogolo. Choncho abusa akale atapuma pa ntchito chifukwa cha ukalamba, a Sizasi analowa m'kagulu ka anthu anayi kofunafuna m'busa watsopano. Enawo anali aphunzitsi opuma pa ntchito, anamwino a pachipatala ndi adalaivala a basi. Anakumana Loweruka lina masana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, momwe munkasungidwa mabuku a nyimbo ndi matsache.

Aphunzitsi, amene ankatsogolera zokambiranazo, anati aliyense anene chimene mtima wake ukufuna. Anayamba okha.

"Ine ndikufuna munthu wodziwa Malemba. Akatsegula vesi azilimasulira, osati kumangolizungulira ngati galu wofuna pogona."

"Ine ndikufuna woyendera odwala," anatero anamwino. "Kulalikira anthu ovala bwino Lamulungu n'kosavuta. Ndikufuna wodziwa kukhala pambali pa bedi, ngakhale asanene kanthu."

Adalaivala anakanda m'mutu. "Ine zanga n'zochepa, abale. Ulaliki uzikhala ndi mabuleki. Munthu akafika pasiteji aziima."

Onse anaseka, kupatula a Sizasi, amene anali atapinda manja pachifuwa kudikira nthawi yawo.

"Zimene mwanenazi ndi nthenga chabe," anatero. "Nkhuku yeniyeni ndi iyi: tipeze munthu wosaopa nkhope. Abusa athu akale ankasisita tchimo ngati mwana wa mphaka. Tsopano tikufuna woti akaona choipa azichitchula dzina lake, wolakwayo thukuta lituluke."

Anamwino anawayang'ana mwachidwi. "Mukamati wolakwa, a Sizasi, muli ndi munthu m'maganizo?"

"Ayi, ndikunena aliyense."

Koma munthu analipo. Moyang'anana ndi kanyumba kawo kometera, tsidya lina la msewu, kunali bala yogulitsira mowa. Chaka chathacho a Sizasi anaona pawindo amayi amene ankatsogolera kwaya akulowa m'balamo madzulo dzuwa lisanalowe, n'kutuluka atagwira mwamuna wina m'chiuno. Amuna a mayiwo ankagwira ntchito kutali. A Sizasi anaona zimenezi kawiri, ndipo aliyense wokhala pampando wawo ankamuuza kuti, "Ine sindikunena kanthu, ndangoona." Nkhaniyo inayenda ngati moto wa m'udzu wouma. Akulu a mpingo anapempha mayiwo kuti ayambe apuma kukwaya, ndipo pasanapite nthawi anasiyiratu kubwera kutchalitchi. Abusa akale sanaikhudze nkhaniyo paguwa ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezi zinkawadya a Sizasi mumtima.

Abusa awiri anaitanidwa kuti adzalalikire, mpingo uwamve. Oyamba anali aatali, a mawu okoma, ndipo mapemphero atatha anapempha kuti awaperekeze kwa odwala. Anamwino anangotsala pang'ono kuvina. Achiwiri anali ochepa thupi, jekete lawo lili lalikulu m'mapewa. Analankhula mphindi makumi awiri osakweza mawu, n'kukhala pansi. Kagulu kaja katakhala nawo m'kachipinda kaja, a Sizasi anawaponyera funso limene anabwera nalo kuchokera kunyumba.

"Abusa, mutamva kuti munthu wodziwika mumpingo walakwa, mungatani?"

"Ndingayambe ndafufuza ngati n'zoona," anayankha abusawo. "Zikapezeka kuti n'zoona, ndimuuza pamaso pake, kaya ndi ndani."

A Sizasi anamva theka lachiwiri lokha la yankholo. Anzawo atatu aja mtima wawo unali pa abusa aatali, koma a Sizasi anakakamira ngati nkhupakupa. Kwa masabata atatu mutu uliwonse wodutsa m'manja mwawo unkatuluka utametedwa kunja, utadzazidwa mkati. Tsiku losankha litafika, manja ambiri mumpingo anakwera pa dzina la abusa ochepa thupi aja, ndipo a Sizasi anabwerera kunyumba akuimba mluzu.

Abusa atsopanowo atangokhazikika, anabwera kudzameta. A Sizasi anapukuta mpando kawiri, anawakulunga nsalu yoyera m'khosi, n'kuyamba kuwathira nkhani ija pang'onopang'ono ngati madzi a m'ketulo. Abusawo sanadabwe, sanapukuse mutu. Ankangofunsa.

"Munawaona kangati?"

"Kawiri, ndi maso angawa."

"Ankakhalitsamo m'balamo?"

"Ayi, ankangolowa n'kutuluka."

"Mwamunayo ankayenda bwanji?"

"Modzandira, abusa. Mowa unali utamufika m'mawondo."

"Nanga mayiwo?"

Makina ometera anaima m'mwamba. A Sizasi anayang'ana pawindo ngati kuti yankho lili tsidya lina la msewu. "Iwowo... ankayenda bwinobwino."

"Munawafunsapo kuti mwamunayo ndi ndani?"

"Aa, abusa, zoterozo amafunsa?"

Abusawo anangoti, "Hmm," n'kuweramitsa mutu kuti awamete kunkhongo. Mafunsowo anawasiya a Sizasi ndi kachinthu kowayabwa mumtima, koma anakakankhira kumbali. Anadziuza kuti mlenje wabwino amayamba wayang'ana mapazi a nyama.

Lamulungu loyamba anavala tayi yatsopano, n'kukhala tcheru. Abusa analalikira za kupemphera. Lamulungu lachiwiri analalikira za kulera ana. A Sizasi anayamba kudabwa kuti kodi munthuyu akunola mpeni wotani wotenga nthawi chonchi. Chidwi chawo chinakula pamene tsiku lina anaona pawindo abusawo akuwoloka msewu, n'kuima pakhomo pa bala kucheza ndi mwini wake nthawi yaitali. Mawa lake kasitomala wina anawauza kuti wawaona abusa akulowa pageti pa amayi a kwaya. A Sizasi anatikita manja. Mvula inali itayandikira.

Lachitatu lotsatira masana, abusa analowa m'kanyumba kometera tsitsi lawo lisanamere n'komwe. Anakhala pabenchi mpaka kasitomala amene anali pampando atachoka, kenako anadzuka n'kutseka chitseko.

"Bambo, ndafufuza nkhani ija," anatero. "Mwamuna amene munamuona ndi mlongo wawo wa mayiwo. Anayamba kumwa mkazi wake atamwalira. Akaledzera kwambiri, mwini bala amawaimbira foni mayiwo kuti adzamutenge asanagwere mumsewu. Anthu atayamba kuwanena, anachita manyazi kuvula mlongo wawo pagulu, n'kusankha kukhala chete."

Abusa anapitiriza.

"Nkhaniyi inawafika amuna awo kuntchito kuja. Uno ndi mwezi wachisanu ndi chitatu asanapondeko kunyumba. Ana awo akunyozedwa kusukulu. Ndafunsa anthu khumi ndi mmodzi kuti anaimva kuti. Aliyense walozera mnzake, koma tinjira tonse tathera pampando uwu."

"Ine ndinangonena zimene ndinaona!"

"Munaona mchira, n'kuuza anthu mtundu wa ng'ombe. Mupite mukapepese kwa mayiwo, mukawauzenso akulu anzanu zoona zake. Ndipo mpaka nkhaniyi itakonzeka, muyambe mwatula udindo wanu."

Magazi anawakwera a Sizasi kumutu. "Abusa, mukudziwa kuti pakanapanda ine simukanabwera pampingo pano?"

"Ndikudziwa, ndipo ndikuthokoza. N'chifukwa chake ndabwera ndekha, chitseko chili chotseka."

A Sizasi anatsegula chitsekocho n'kuima pambali pake. Abusa anatuluka.

Sanapite kukapepesa. Lamulungu anakhala pamalo pawo pa nthawi zonse, chibwano chili m'mwamba, akufuna kuona ngati kamunthu kochepa thupiko kangalimbe mtima. Abusa analalikira za lilime. Sanatchule dzina la munthu, sanayang'ane benchi lachiwiri ngakhale kamodzi. Anangofunsa mpingo kuti ndi angati anamvapo nkhani ya mnzawo n'kuipititsa patsogolo asanamufunse mwini wake. Ambiri anaweramitsa mitu, pakuti nkhani ija inadutsa pakamwa pawo. Koma a Sizasi ankamva kunkhongo kwawo kukutentha ngati wina wawayandikizira mbaula, ndipo kolala ya malaya inanyowa.

Mapemphero atangotha anakokera anzawo atatu aja m'kachipinda ka matsache.

"Tinalakwitsa, abale. Munthuyu ndi wamwano, sadziwa kulemekeza akuluakulu. Tilembe kalata, atipatse wina."

"Malemba akuwadziwa," anatero aphunzitsi. "Ine mbali yanga ndilibe dandaulo."

"Mabuleki ali nawo," anatero adalaivala. "Lero ndayang'ana wotchi, mphindi makumi awiri ndi ziwiri."

Anamwino anakonza chikwama chawo paphewa. "Odwala akuwayendera, ndimakumana nawo m'mawodi. Ife tinkafuna abusa aatali aja, a Sizasi. Awa munatisankhira ndinu. Tsono talongosolani bwino, alakwa chiyani?"

Funso limeneli linalibe poligwira. Kuti aliyankhe, ankayenera kufotokoza zonse zimene zinanenedwa chitseko chili chotseka. Anatola chipewa chawo n'kutuluka.

Kunyumba anapeza akazi awo akusita zovala pathebulo. Anayamba kudandaula za abusa, koma akazi awowo anaimika simbi n'kuwayang'ana.

"Abambo, ine ndakhala chete chaka chonse chifukwa ndinu amuna anga. Koma mayi aja ndikakumana nawo kumsika ndimasowa poyang'ana. Tinkaimba limodzi, ana athu anakulira pamodzi. Inu mukufuna kulimbana ndi abusa, koma abusa si amene banja lawo likutha."

Masiku awiri otsatira a Sizasi ankameta anthu ali duu, moti makasitomala ankawafunsa ngati akudwala dzino. Lachitatu m'mawa sanatsegule kanyumba kawo. Anayenda wapansi mpaka pageti pa amayi a kwaya, anaima pamenepo kanthawi, kenako anaodira.

Mayiwo anali akuchapa pabwalo. Pakhonde panakhala mlongo wawo uja, wowonda, ndevu zili nyankhalala, akumwa madzi m'kapu ya pulasitiki. A Sizasi anavula chipewa n'kunena zimene anabwerera. Mawu amene tsiku lililonse ankatuluka okha, tsiku limenelo ankachita kuwakoka ngati chidebe cha pachitsime chakuya. Mayiwo anamvetsera manja ali m'beseni.

"Kwa ine mwapepesa, ndamva," anatero. "Koma nkhani yanu inapita kutali kuposa pageti pano."

Anapukuta manja, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi foni. Anaimba nambala ya amuna awo n'kuwapatsira a Sizasi. Bambo wometayo anaima pakati pa bwalo, dzuwa likuwawomba pamutu, n'kuuza mwamuna mnzawo kuti nkhani imene inamufika inachokera pakamwa pawo, ndipo inali yabodza. Mbali inayo kunamveka mawu amodzi okha, "Ndamva," foni n'kuduka.

Amuna a mayiwo anabwera kunyumba kutha kwa mwezi. Banjalo silinapole tsiku limodzi, ndipo mayiwo anatenga nthawi asanaimirirenso kutsogolo kwa kwaya. A Sizasi anaulula zonse pamaso pa akulu anzawo, anatula udindo, n'kusamukira benchi lakumbuyo pafupi ndi chitseko, pomwe anakhala miyezi isanu ndi umodzi. Abusa sanasiye kudzameta kwa iwo, ndipo sanaikumbutsenso nkhaniyo.

Tsiku lina pampando wawo panakhala mkulu wa mpingo wina wa kutsidya kwa tauni. Anati nawonso abusa awo akuchoka, ndipo anamva kuti a Sizasi anakhalapo m'kagulu kosankha m'busa.

"Tatiuzani, akulu, tiziyang'ana chiyani? Ife tatopa ndi onyengerera. Tikufuna wonena zoona mosaopa munthu."

A Sizasi anathimitsa makina, anamuyang'ana mlendoyo m'galasi, n'kumwetulira pang'ono.

"Mufuneni ndithu, achimwene, ndi wabwino kwambiri. Ifeyo tili naye, ndipo sitingamusinthanitse ndi wina. Koma musanamuitane, dziwani kuti sadzabwera kudzalalikira anansi anu okha."

Mlendoyo anaseka, akuyesa nthabwala. A Sizasi sanaseke nawo. Iwo anali ataphunzira ndi thukuta lawo lomwe kuti chimene munthu wapempha chimabwera chathunthu, sichisiya mbali yake yowawa panjira. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope.