Zigubu Zimene Sizinabooledwe

Panali munthu wina, dzina lake Makwinja, amene ankapopera mankhwala pa esiteti ya mtedza wa makademiya. Anali munthu wa anthu. Pamaliro ankafika woyamba, khasu lili paphewa. Njinga yake inkagona pakhomo pake mwa apo ndi apo, chifukwa nthawi zambiri inkakhala kwa wobwereka. Mawu oti "ayi" ankamulemera pakamwa.

Tsiku lina anamukweza kukhala kapitawo wa opopera onse. Manijala anapita naye kunyumba yosungiramo mankhwala ndipo anamupatsa zinthu ziwiri: kiyi, ndi chitsulo chosongoka chotalika ngati mkono.

"Kiyiyu ndi wa mankhwala, chitsulochi ndi cha zigubu," anatero manijala. "Mankhwala akatha, chigubucho muchitsuke, muchiboole pansi ndi m'mbali, muchiponye m'khola la waya ili. Ogulitsa mankhwala amabwera kudzatenga. Si maganizo anga, a Makwinja, ndi lamulo la boma. Chigubu chikatuluka pano chosaboola, inunso ntchito yatha."

Makwinja anavomera, ndipo chifukwa cha lamulolo ankachidziwa bwino. Mankhwala aja anali aukali, a chizindikiro cha chigaza ndi mafupa opingasa. Mukudziwa chigubu chimene munakhalapo palafini. Tsukani ndi sopo, tsukani ndi phulusa, madzi ake amvekabe palafini. Mankhwala aja amalowereranso m'pulasitiki chimodzimodzi, kungoti iwo akakhalitsa sanunkha.

Koma zigubu zake, abale! Zabuluu, zolimba, zotseka bwino, chogwirira chake chokhuthala. Ndipo tisanamizane, ife sititaya chigubu. Ife timasunga chitini cha mafuta. Pepala la shuga timalichapa n'kuliyanika pathandala. Nanga munthu angaboole bwanji chigubu chatsopano, pamaso pa mnzake amene mkazi wake amatunga madzi m'ndowa yodontha?

Tsiku loyamba Makwinja anaboola. Opopera anzake anaima momuzungulira, ngati ali kumanda. Kenako mmodzi wa iwo, Thombozi, amene anayamba naye ntchito limodzi, anapukusa mutu.

"A kapitawo, dzulo lomweli tinkadyera mbale imodzi. Lero mwatenga kale mtima wa mabwana?"

Mawu amenewa anamulasa Makwinja, ndipo anapita nawo kunyumba. Mankhwala atathanso m'chigubu china, anamuitanira Thombozi kuseri kwa nyumba ija.

"Tenga. Koma ndi chothirira kudimba basi. Madzi akumwa ayi."

"Inde, a kapitawo," anatero Thombozi, uku akupala chizindikiro cha chigaza ndi mpeni.

Wopatsa mmodzi wapatsa onse. Anabwera wachiwiri, anabwera wachitatu, kenako akazi awo, kenako apongozi awo. Aliyense ankamva mawu omwewo, aliyense ankayankha inde. Makwinja ankaboolako zochepa n'kuzisanja kutsogolo kwa khola, pafupi ndi waya, kuti oyendera a boma akasuzumira aone mabowo. Oyenderawo ankasuzumiradi, n'kugwedeza mutu, n'kumapita.

Dzina la Makwinja linakoma m'midzi yonse yozungulira esiteti. Koma mtendere unamuthawa. Akamva kuti mwana wa uje watsegula m'mimba, ankathamangira pakhomopo ngati wodzazonda matenda, koma maso ake ali kuseri kwa chitseko, kufunafuna mtundu wabuluu. Anthu ankati, "Taonani chikondi cha bambo awa." Akakumana ndi mayi atasenza chigubu kuchokera kumjigo, ankaima n'kumutsatira ndi maso mpaka akakhote. Kutchalitchi ankayamba nyimbo osaimaliza. Ankadziuza kuti mawa adzazungulira nyumba zonse n'kulanda zigubu zija. Mawa likafika, pachipata pankakhala munthu wina atapinda manja, akupempha, ndipo Makwinja ankachita mantha kudedwa kuposa mmene ankaopera poizoni.

Mkazi wake anaziona. "Bambo a Enelesi, mwasanduka nkhuku yofuna kuikira. Simukhala pansi, simumaliza kudya. Chavuta n'chiyani?"

"Ndi ntchito chabe, mayi a Enelesi."

Enelesi anali mwana wawo woyamba, ndipo chaka chimenecho anapeza mwamuna. Tsiku la chinkhoswe litafika, pakhomo pa Makwinja panadzaza anthu. Akuchimuna anabwera pa lole. Manijala nayenso anaitanidwa, ndipo anamukhazika pampando wakutsogolo pamodzi ndi ankhoswe.

Dzuwa litakwera, kunamveka nyimbo kumsewu. Anali akazi a opopera aja. Anapangana okha kuti munthu wabwino chotere sangachite chinkhoswe cha mwana wake iwo ali manja lende, ndiye anaphika thobwa lambiri kuti amuthokoze. Anabwera pamzere, akuimba ndi kululutira, aliyense atasenza chigubu chabuluu. Anatula pansi pa mtengo wa mango. Thobwalo analithira m'zigubumo dzulo lake, lisanazizire n'komwe.

Akulu amati kupatsa n'kuika. Makwinja anaika, ndipo zimene anaikazo zinabwerera kwa iye tsiku limodzi.

Anamukokera Thombozi pambali.

"Ndinati zothirira kudimba."

"Tinatsuka, a kapitawo, ndi madzi otentha. Ife timamwera momwemo masiku onse. Kodi tafa? Chonde musawachititse manyazi azimayiwa."

Makwinja anayang'ana zigubu, anayang'ana manijala, anayang'ananso zigubu. Manijalayo ankacheza ndi ankhoswe, osazindikira kanthu, pakuti zizindikiro zinali zopalapala ndipo zigubu zabuluu zimapezekanso pamsika. Kukhala chete kunali kotheka. Mwina sipakanachitika kanthu. Mwina anthu akanangodandaula za m'mimba mawa lake n'kunamizira nyama. Koma kutaya thobwa la mphatso, pamaso pa akuchimuna, ndi chipongwe chimene mudzi suiwala. Ndipo kunena chifukwa chake pamaso pa manijala kunali kudzichotsa yekha ntchito.

Anakhala pampando. Anadzuka. Anazungulira nyumba, n'kubwerera pomwepo. Azimayi anali atayamba kutsegula zigubu ndi kusanja makapu. Mkazi wa Thombozi anadzaza kapu yoyamba n'kunena kuti thobwa la chinkhoswe ayambe kulawa ndi mwini tsiku. Anapita nayo kwa Enelesi, ndipo Enelesi anatambasula manja onse awiri kuti alandire.

"Usamwe!" anakuwa Makwinja.

Anathamangira pamene anatsamiritsa njinga yake, namasula chitsulo chija, chimene ankayenda nacho chomangirira kumbuyo. Anafika pansi pa mango nabaya chigubu choyamba. Thobwa linatumphuka n'kuyenderera m'fumbi. Anabaya chachiwiri. Nthungululu zinadukira pakhosi, ng'oma inaleka. Dzanja limene linkalephera kuboola zigubu zopanda kanthu linaboola zodzaza, chimodzi chimodzi, mpaka chomaliza.

"Mwapenga kodi, bambo a Enelesi?" analira mkazi wake.

Makwinja anatembenukira kwa anthu, nsapato zake zili thobwa lokhalokha. "Zigubu izi ndi za mankhwala a kuesiteti. Zinayenera kubooledwa. Ndinazitulutsa ndine. Wina aliyense asamwe."

Azimayi aja anafunda zitenje kumaso ndi manyazi. Akuchimuna ena anaimirira n'kulunjika ku lole yawo, ndipo ankhoswe anachita kuwagwadira kuti abwerere. Manijala anavala chipewa chake n'kuchoka osatsanzika.

Patangopita kanthawi, mkazi wa Thombozi anapezeka kuseri kwa khitchini, thukuta lili kamukamu, akusanza. Iye ndiye ankalawa thobwa lija kuyambira m'mawa, chigubu ndi chigubu, kuti amve ngati shuga wakwana. Anamutengera kuchipatala pa njinga ya Makwinja yomweyo. Anachira, koma mpaka lero akakumana ndi Makwinja panjira amayang'ana kumbali. Chinkhoswe chinatha ndi madzi a pamjigo.

Mawa lake la ntchito manijala anamulanda kiyi. Chitsulo chija sanachifunse, ndipo Makwinja sanachibweze.

Mungaganize kuti atataya ntchito ndi dzina lomwe, mtima wake unakhala pansi. Ayi. Zigubu za pansi pa mango sizinali zonse. Zina eni ake anali atagulitsa kale kumsika. Zina zinapita kwa abale a kumidzi yakutali, zina zinapatsidwa ngati mphatso paukwati. Palibe amene ankakumbukira kuti chiti chinapita kuti. Choncho Makwinja amayendabe. Tsiku la msika amapezeka pamene amagulitsa mafuta ophikira ndi thobwa, akutembenuza chigubu chilichonse chabuluu, kufuna popalapala pamene panali chigaza. Amalowa m'midzi imene sakumudziwa n'kupempha kuona mosungira madzi. Amene amamudziwa, akangoona njinga yake patali, amabisa zigubu zawo kunsi kwa bedi. Munthu amene ankatchedwa wamtima wabwino, lero ana amamuthamangira m'mbuyo akufuula kuti Chiboola. Akamva kulira kwa maliro kutsidya, amaima, n'kuyamba kudzifunsa kuti nyumba imeneyo ankamwera m'chiyani.

Tsono inu amene mwapatsidwa kiyi ndi anthu oti muziwayang'anira, ndimvereni. Akulu anati chifundo chinapha nkhwali, koma nkhwali ija bola, inafa yokha. Chifundo cha kapitawo chimagonetsa m'chipatala mkazi wa mnzake. Malamulo ena a pantchito amaoneka ouma mtima, ndipo mnzanu akakuyang'anani ndi maso opempha mudzaona ngati boma silidziwa umphawi wathu. Mwina silidziwadi. Koma poizoni nayenso saudziwa. Lamulo likati boolani, boolani pompo, onse akuona, ndipo muwauze chifukwa chake. Adzanyinyirika, adzakutchani bwana, kenako adzaiwala. Makwinja anathawa kuboola zigubu zopanda kanthu, koma anazibooladi, muli thobwa la chinkhoswe cha mwana wake.