Mwala wa pa Nankhungu

Udali m'mawa, dzuwa lisadaboole nkhungu, ndipo chisanu cha ku Tsangano chinkaluma zala ngati linthumbu. Silvestre adali pabwalo akumanga ng'ombe pangolo pamene bambo ake, a Atanásio, adatuluka m'nyumba atafunda bulangeti, akutsamira ndodo.

"Nankhungu wapsa dzulo, utsi ndidauona," adatero mkuluyo. "Miyala ili poyera tsopano. Ndikweze pangolopo ndikakuonetse pamene adagona amako."

"Depois, papá, tidzapita tsiku lina. Magalimoto a ku Tete afika mawa, kachewere akadali kudimba. Tsiku limodzi silioza mbewa."

A Atanásio adayang'ana ng'ombe zija, kenaka adakakhala pakhonde.

Nankhungu ndi mtunda wautali wopanda mudzi ngakhale umodzi: udzu wokhawokha, miyala ndi madambo ozizira. Makolo ankadyetsako ng'ombe. Nthawi ya nkhondo, misewu itasanduka ya asilikali, anthu a ku Ntengo-Wambalame adadzera kumeneko pothawira ku Malawi. A Zefa, mayi ake a Silvestre, adadwala chifuwa paulendowo, ndipo sadafike. Amuna awo adakumba ndi khasu lopanda mpini, nabwezera udzu pamwamba ndi mizu yake yomwe, kuopa kuti mtumbira ungaulule njira ya othawa. Adasiyapo mwala umodzi wosalala basi. Silvestre adali wa kumsana, sadakumbuke kalikonse. Amene adathandiza kukumba adafera ku Malawi komweko.

Atabwerera kumudzi, a Atanásio sadakwatirenso. Chaka ndi chaka, udzu ukapsa, ankakwera ku Nankhungu ndi ng'ombe zawo ali okha, n'kubwerako madzulo osanena kanthu. Sadali munthu woyanika chisoni pabwalo. Miyendo itayamba kukana ndi pamene adatsegula pakamwa, ndipo Doroteia, mwana wawo wamkazi wokhala ku Moatize, atamva adatumiza matumba a simenti kuti manda a mayi ake akhale ndi chiliza ngati a anthu ena onse.

Koma Nankhungu amatsegula chitseko kanthawi kochepa. Kuyambira tsiku limene moto wadutsa mpaka mvula yoyamba, munthu amaona mwala uliwonse. Mvula ikangogwa, udzu umakwirira zonse mpaka m'chifuwa, ndipo madambo amameza mateyala a ngolo.

Izi Silvestre ankazidziwa. Mkazi wake, Lucrécia, make Nando, adamukumbutsabe tsiku lina akusankha mbewu.

"Bambo a Nando, apongozi akungoyang'ana kumtunda ngati nkhuku yoona kabawi. Kachewereyu athawa? Ali ndi miyendo?"

"Miyendo alibe, koma amaola," adayankha Silvestre akuseka. "Mwala suola, mkazi iwe."

Sadali munthu woipa mtima. Ankangokhulupirira kuti za akufa zimadikira, za amoyo ndizo zimapsa. Magalimoto atapita, motobomba yothirira kudimba idafa. Itakonzedwa, idakwana nthawi yopanga mizere. Bambo ake adapempha kachiwiri, adapemphanso kachitatu, kenaka adaleka. Tsiku lina masana mitambo idasonkhana kumtunda, bingu lidagunda, fungo la dothi lonyowa lidalowa m'mudzi.

"Chaka chamawa, papá. Ndalonjeza."

"Chabwino, mwananga," adatero a Atanásio.

M'dzinja lomwelo mkuluyo adayamba kuthira tiyi pambali pa kapu. Lucrécia akalowa ankafunsa kuti ndani, mpaka iye alankhule. Silvestre adawatengera kuchipatala akuganiza kuti ndi ng'ala yochotsa, koma adauzidwa kuti maso adauma m'kati, ndipo chouma sichiphukanso. Pofika nthawi yokolola, mkuluyo ankadziwa dzuwa polimva pakhungu pokha.

Chaka chimenecho sadachite kupempha. Utsi utangooneka ku Nankhungu, Silvestre adasiya kachewere wokumbakumba ali mulu kudimba, adayala mphasa m'ngolo, nanyamula bambo ake ngati mwana. Panjira mkuluyo ankatchula malo pomva kugwedera kwa ngolo. Apa, amati, ndi pamene panali khola la agogo ako. Apa tidabisala asilikali akudutsa kumunsiko. Apa amako adakutula, adati wayamba kulemera. Silvestre ankamva zonsezi koyamba, ndipo ankayang'ana uku ndi uku osaona china koma phulusa.

Atafika pamwamba, a Atanásio adati aime.

"Ndi dera lino. Ukaima pamwalawo, thanthwe long'aluka limabisa nsonga ya phiri la ku Malawi. Ukuliona thanthwelo?"

Silvestre adaponya maso. Matanthwe ong'aluka adali mbwee ngati ng'ombe zogona. Lililonse linkabisa phiri, malinga ndi pamene munthu waima. Miyala yosalala ndiye inkachita kupondana.

"Alipo ambiri, papá."

"Lalikulu."

"Onse ndi aakulu."

"Nditsitse."

Mkuluyo adagwada paphulusa nayamba kukwawa, akusisita mwala uliwonse ndi zikhatho. Uwu adati ndi waukulu kwambiri. Uwo adati uli ndi mano. Wina adaugwira nthawi yaitali, nkhope idawala pang'ono, kenaka adapukusa mutu. Maso ndi amene ankadziwa mwalawo, manja sadauphunzire. Silvestre ankagubuduza miyala, akukumba apa ndi apo, koma pansi padali pouma ngati pamene sipadakumbidwepo chiyambire. Mphepo inkauluza phulusa n'kulibwezera m'mapazi mwawo.

Dzuwa litapendeka, a Atanásio adakhala pansi, maondo ali akuda, zala zikutuluka magazi. Adatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mphepo.

"Zefa," adaitana ndi mawu a tsiku ndi tsiku, ngati munthu ali kuseri kwa nkhokwe. "Ndabwera naye mwana uja. Wakula."

Padangomveka khwangwala patali.

Silvestre adayang'ana miyala imene adagubuduza ija. Akadakonda bambo ake akadamukalipira, ngakhale kumumenya ndi ndodo ija. Iwo adangotambasula dzanja kuti awadzutse.

"Tiye, ng'ombe sizidamwe madzi."

Silvestre adabwererako yekha kangapo mvula isadagwe, koma ankangozungulira. Doroteia atayimba foni kufunsa ngati chiliza chayamba, Silvestre adapatsa Lucrécia foniyo natuluka panja. Matumba a simenti aja, amene adagona kuseri kwa chitseko dzinja lonse, adali atauma gwa, osalowa ndi khasu lomwe. Adawagubuduzira kunja, ndipo mpaka lero ndi amene a Atanásio amakhalapo poothera dzuwa, nkhope italoza ku Nankhungu.

M'mawa wina nkhungu idatsikanso. Silvestre adamanga ng'ombe pangolo, adaponyamo khasu ndi matumba, nalunjika kudimba, kumene theka la kachewere adasiya uja lidali litabiriwira ndi dzuwa. Adawerama nayamba kusankha wabwino.

Mwala suoladi, koma maso oudziwa ali ndi tsiku lawo. N'chifukwa chake akale adati: papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.